Ndinakumana ndi katumbu m'madzi ku Maleri

Malemu bambo anga anali msodzi ku Senga Bay, ndipo pakhomo pathu katumbu sankatchulidwa mwaulemu. Akabwera m'mawa ndi matchera ong'ambika, chambo chitangotsala mitu, tinkadziwiratu kuti nsima ya tsikulo tidyera masamba. Ndinakula ndikudana ndi nyama imene ndinali ndisanaionepo.

Mwezi wathawu, mwera utaleka, msuweni wanga amene amagwira ntchito ku Cape Town anabwera kudzacheza. Anandionetsa pa foni kanema wa anthu akusambira ndi ma seal ku Hout Bay, nyama za m'nyanja yamchere zomwe kuno kulibe. Kenako anati, "Asuweni, tiyeni ku Maleri tikaone zathu." Tinasonkherana ya mafuta, tinakwera boti la injini.

Zilumba zake ndi zitatu: Maleri, Nankoma ndi Nakantenga. Zili m'manja mwa Lake Malawi National Park, paki imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mamita 100 kuchoka pagombe saloleza kuponya ukonde. Umachita kuona wekha ukangoviika nkhope. Mbuna zinali mbwee pamiyala, zabuluu, zachikasu, zina zamizeremizere, zikubudula ndere osandithawa n'komwe. Imodzi ndinaiona italavula tiana m'kamwa, nditasendera pafupi n'kutimezanso msangamsanga. Zimalera choncho, mazira ndi ana m'kamwa mwa mayi.

Madala oyendetsa boti anazimitsa injini n'kuloza ndi chibwano. "Musakuwe, ingoyandamani."

Anali akatumbu awiri. Anatsetsereka pamwala n'kulowa m'madzi osamveka ngakhale phokoso. Wamkuluyo anadutsa pansi panga, thupi likupindika ngati chingwe, timathovu ta mpweya tikutuluka mu ubweya wake. Anatembenuka chagada, ndinaona mawanga oyera pakhosi ndi zala zolumikizana ngati za bakha. Anandiyang'ana kanthawi, ndevu zili nyomi, kenako zii, kuseri kwa mwala. Mtima unkagunda mpaka m'makutu. Sindinamutsatire. Mano amene ankadula ulusi wa bambo ndimawadziwa ntchito yake, ndipo alendo amene amathamangitsa nyama kuti ajambule amandinyansa.

Atavuukanso anali ndi kansomba kukamwa, anakwera pamwala n'kukagwira ndi manja awiri ngati mwana akudya chimanga chowotcha. Pamwamba nkhwazi inkalira.

Madzulo ndinawafotokozera amayi ali pakhonde akusankha mpunga. Anakhala chete, kenako anati, "Bambo ako ankatukwana katumbu, koma sanaphepo ngakhale mmodzi." Zimenezi sindinkazidziwa. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuwathandiza kusankha mpungawo.