Tsiku limene Kasenengwa anakhala maboma awiri

Bizinesi yathu ndi ya anthu awiri, ine ndi mng'ono wanga, m'kachipinda ka lendi kuno ku Chipata. Tinapanga pulogalamu ya pa intaneti yothandiza anthu ogula mbewu kwa alimi. Mlimi akafika ndi matumba ake pa njinga kapena pa ngolo, kalaliki amayeza pa sikelo n'kulemba pa foni mtundu wa mbewu, makilo ake ndi boma limene yachokera. Madzulo mwini bizinesi amaona zonse pamodzi. Mayi athu ankagula nshawa n'kumalemba m'kabuku, ndiye ntchitoyi tinakula nayo.

Kasitomala aliyense timamupatsa database yakeyake, kutanthauza nkhokwe ya mu kompyuta yosungira zolemba zake m'matebulo. Poyamba maina a maboma ndi a mbewu tinkawalemba pamanja nthawi iliyonse tikapeza kasitomala watsopano. Tinkati n'kanthu kakang'ono.

Madzulo ena, nyengo ya soya ili pachimake, amayi ena a ku Katete anandiimbira mawu akunjenjemera. "Abambo, matumba ali m'shedi sakugwirizana ndi a mu kompyuta. Mwana uyu akundibera." Tinafufuza mpaka usiku. Tinapeza kuti m'mndandanda wawo munali Kasenengwa, munalinso Kasenegwa. Ndine ndinalakwitsa polemba, ndipo pokonza ndinawonjezera dzina lolondola osachotsa lolakwikalo. Kalaliki ankangosankha limene lamugwera pa chala, lipoti n'kumawerenga limodzi lokha. Thumba silinasowe ngakhale limodzi, koma mnyamatayo anali atatchedwa kale wakuba pamaso pa alimi. Mpaka lero zimandiwawa.

M'mawa mwake mng'ono wanga anati, "Akulu, zinthu zimene sizisinthasintha zisamadutsenso m'zala zathu. Ziziyenda limodzi ndi pulogalamu."

Pulogalamuyi tinailemba ndi Django, chida chopangira mapulogalamu a pa intaneti. Kumeneko mukasintha kamangidwe ka database, kusinthako kumalembedwa m'kafayilo kotchedwa migration, ndipo timafayiloti timakhala ndi manambala otsatizana, 0001, 0002, kumapita m'tsogolo. Mukalamula kuti migrate, Django amayendetsa okhawo amene sanayendepo, n'kulemba maina awo m'tebulo la django_migrations. Ife tinkagwiritsa ntchito zimenezi pomanga matebulo basi. Mng'ono wanga anapanga migration yopanda kanthu ndi lamulo la makemigrations --empty, n'kuikamo RunPython, njira yoyendetsera malangizo athuathu m'kati mwa migration, yolowetsa maboma onse a chigawo cha Kum'mawa, mbewu monga chimanga, soya, nshawa ndi mpendadzuwa, komanso miyezo, kilo ndi thumba la makilo 50.

Pali tizinthu timene tinaphunzira movutikira. M'kati mwa migration tebulo muzilitenga ndi apps.get_model, chifukwa imakupatsani tebulolo mmene linalili pa nthawiyo. Mukalitenga mmene lilili lero, tsiku lina mudzawonjezera gawo latsopano ndipo migration yakale idzakana kuyenda. Boma lililonse tinalipatsanso chizindikiro chake chosasintha, kuti ngakhale dzina litakonzedwa, zolemba zakale zisasochere. Tinalembanso njira yobwezera m'mbuyo ngati zinthu zitavuta. Ma fixture, omwe ndi mafayilo apadera osungira mindandanda yotere, tinayesapo, koma amafuna kuti munthu akumbukire kulamula loaddata kuti alowe mu database, ndipo munthu wotopa amaiwala.

Pa mitengo tinatsutsana. Mng'ono wanga ankafuna kuikanso mu migration mtengo wa pa kilo kuti kasitomala ayambe ndi zonse zili m'malo. Ine ndinakana. Ndinaona mayi athu akusintha mtengo wa nshawa kawiri pa sabata imodzi. Mtengo ndi wa mwini bizinesi, aziusintha yekha, chimodzimodzinso maina a alimi ake.

Komatu ngakhale maboma amasintha. Mu 2018 Chipangali ndi Kasenengwa anadulidwa ku Chipata, Lumezi ndi Chasefu ku Lundazi, Lusangazi ku Petauke. Mu 2021 Chama, amene anali m'chigawo cha Muchinga, anabwezedwa Kum'mawa. Nkhani ya Chama itamveka, mtima unkanditsogolera kukangowonjezera dzinalo m'fayilo yakale. Mng'ono wanga anandiletsa: kwa makasitomala akale fayiloyo inalembedwa kale kuti inayenda, siyendanso, ndiye Chama akanaonekera kwa atsopano okha. Tinalemba migration ina yamizere yochepa, ndipo tsiku lomwelo dzinali linafika kwa onse, lolembedwa mofanana.

Kwa amayi a ku Katete ndinapita ndekha pa basi. Tinasamutsa matumba onse a Kasenegwa kupita ku Kasenengwa weniweni, manambala n'kukwana ndendende. Ndinawapempha kuti amuitane kalaliki uja, ndipo ndinamuuza pamaso pawo kuti cholakwa chinali changa. Sanayankhe zambiri. Anatenga foni, n'kutsegula mndandanda wa maboma, kuuwerenga dzina ndi dzina mpaka pansi, kenako anabwerera ku sikelo kumene mlimi wa matumba atatu a soya ankamudikira.