Zambwe, mpoto ndi chinook: sabata imodzi ku Ludington

Ogasiti akalowa, a kaputeni athu amachotsa boti ku St. Joseph, komwe timayambira chaka ndi nsomba za coho, n'kupita nalo kumpoto ku doko la Ludington, pa nyanja ya Michigan, m'boma la Michigan ku America. Kumeneko n'kumene chinook zikuluzikulu, nsomba za mtundu wa salmon monganso coho, zimasonkhana zisanalowe mumtsinje wa Pere Marquette kukaswa. Ine ndine wothandiza wawo. Iwo amagwira chiwongolero ndi kuyang'ana makina, ine ndimakhala kumbuyo ndi ndodo, zingwe, nyambo, ukonde ndi mpeni, osaiwala ndowa ya amene nyanja yawakana. Sitinyamula alendo opitirira 6 chifukwa chiphaso cha a kaputeni chimalekeza pomwepo. Alendowo amalipira madola mazana angapo kuti tiwayendetse theka la tsiku pa nyanja ya Michigan, boti likuyenda pang'onopang'ono, mbedza zikukokedwa kumbuyo.

Luso lonse la ntchitoyi lagona pa kudziwa kumene madzi ozizira ali lero. Nyengo yotentha madzi a pamwamba amafunda mpaka madigiri 21 kapena 22, koma ukatsika pansi pamakhala malire pamene kutenthako kumagwa mwadzidzidzi, mamita ochepa okha, ndipo kupitirira apo madzi amazizira mpaka madigiri 4. Chinook imakonda madigiri a pakati pa 7 ndi 12. Malirewo sakhala malo amodzi, amayenda ndi mphepo. Ludington ali ku gombe la kum'mawa, ndiye zambwe ndi mwera zikaomba zimaunjika madzi ofunda mbali yathu, nsomba n'kuthawira pansi. Mpoto ndi vuma zimakankhira madzi ofundawo kutali, ozizira n'kukwera mpaka kugombe.

Lolemba tinadzuka zambwe ataomba masiku angapo. Ndinafika padoko 4 koloko isanakwane, ndinathira ayezi m'bokosi la nsomba, ndinayang'ana mfundo za mbedza imodziimodzi, kenako ndinayamba kuunika nyambo zowala mumdima ndi tochi kuti zigwire kuwala. Tinatuluka 5 koloko ndi agogo ena aamuna, ana awo awiri ndi mdzukulu, kulunjika ku Big Sable Point, komwe kuli nsanja yakale younikira zombo, yamizere yakuda ndi yoyera, yomangidwa mu 1867. Pamenepo pansi pa nyanja pamatsetsereka msanga, ndipo nsomba zimakonda kutsata phedilo.

Lamulo la ku Michigan limalola ndodo zitatu pa munthu aliyense, choncho ndi alendo anayi kumbuyo kwa boti kumadzaza. Zoyamba kutsitsa ndi za downrigger. Chimenechi ndi chitsulo chokhala ndi waya wautali, kumapeto kwake kuli mpira wa mtovu wolemera makilogalamu 5 kapena 6. Chingwe cha mbedza umachipanitsa pafupi ndi mpirawo n'kutsitsa mpaka pomwe ukufuna, kenako umakulunga chingwecho mpaka ndodo ipindike ngati uta. Nsomba ikaluma chingwe chimapulumuka pa chopaniracho, ndodo n'kudzuka. M'mbali timaponya ma Dipsy Diver, timbale tomwe timadzimira tokha uku tikupatukira kumbali, ndipo kutali kwambiri kumapita zingwe za mkuwa, zolemera, zonyamulidwa ndi timatabwa toyandama. Zonsezi ziyenera kuyenda osakhudzana. A kaputeni akakhota mothina, ola lathunthu limandithera ndikumasula zingwe.

Pa waya wa downrigger imodzi timamangirira kachipangizo kotumiza uthenga wa kutentha ndi liwiro la pansipo. Tsiku limenelo ndinatsitsa mamita 15, kanati 20. Mamita 25, kanati 18. Madzi a madigiri 11 tinawapeza titadutsa mamita 33, ndipo kumeneko madzi ankayenda njira yawoyawo, yotsutsana ndi ya pamwamba, moti a kaputeni anachepetsa moto kuti nyambo ziziyenda pafupifupi makilomita 4 pa ola. Zikathamanga kuposa apo zimangozungulira ngati zamisala, zikachedwa zimangolendewera.

Kunja kusanayere bwino, ndodo ya kumanzere inadzuka, kenako inagwadanso mwamphamvu, chokulungira chingwe chikulira. Ndinaizula n'kuipereka kwa agogo aja. Chinook ikangomva mbedza imathamanga, ndipo ikhoza kutenga chingwe mamita 100 usanaphethire kawiri. Munthu wosazolowera amafuna kumangitsa kuti aiimitse, ndipo chingwe chimaduka pomwepo. "Agogo, musalimbane nayo, isiyeni ithamange, ikatopa ndikuuzani," ndinatero ndikugwira lamba wawo kumbuyo. Inaima, iwo anayamba kukweza ndodo ndi kukulunga potsitsa, pang'ono ndi pang'ono, manja akunjenjemera. Itafika pafupi ndi boti inaona ukonde, inatembenuka n'kulowanso pansi. Pobwera kachiwiri ndinadikira mpaka mutu unayang'ana kwa ine, chifukwa nsomba yotere suitunga kuchokera kumchira, imangodumpha. Inali yaikazi, yasiliva, madontho akuda mpaka kumchira, m'kamwa muli bii. Sikelo inati makilogalamu 9. Agogo anakhala pansi pa bokosi la ayezi, kuseka osalankhula.

Lachiwiri kunalibe nkhani yoti n'kuuza munthu. Nyanja inali zii, dzuwa likuswa mtengo, ndipo pa zingwe panali patadzaza utitiri wa m'madzi womwe unabwera ndi sitima zochokera ku Ulaya. Umamata pa chingwe ngati thonje lonyowa n'kutseka timabowo ta ndodo, moti nsomba ili ku mbedza umayamba kaye wathothola ndi zikhadabo. Onjezani ntchentche zoluma akakolo zomwe zimapeza boti ngakhale mtunda usakuoneka. Tinabwerera ndi lake trout zomwe tinazikokera pansi penipeni, nsomba zopanda ndewu, zongolemera. Alendo anathokoza mwaulemu, koma m'thumba mwanga munalowa zochepa, pakuti wothandiza pa boti amadalira kwambiri zimene alendo amupatsa potsika.

Usiku womwewo mphepo inatembenuka. Lachitatu mpoto unali utaswa nyanja, mafunde akudumpha khoma la doko, ndipo a kaputeni anaimbira alendo kuti asabwere. Mafunde a kuno ndi afupiafupi, otsatizana, amamenya boti osalipatsa mpata wopuma. Amalonda ena amatulukabe pofuna kuti ndalama isawapite, koma mwa ine kutenga munthu kuti akasanze maola asanu n'kumulipiritsa ndi kuba.

Ndinakhala padoko ndikunola mbedza, ndipo malume anandiimbira pa WhatsApp kuchokera ku Nkhotakota. Iwo ndi munthu wa chilimira kuyambira unyamata wawo, ndiye mafunso awo ndi a msodzi. Nditawauza kuti nyanja ino ndi yaikulu pafupifupi kawiri kuposa yathu koma yosazama theka lake, anangoti "Ee?" Za nsomba yokulira m'nyanja n'kukwera mtsinje kukaswa sanadabwe nazo. "Ameneyo ndi mpasa wa kumeneko, mphwanga. Wathu amakwera Bua." Chimene chinawavuta ndi china. "Nanga ya makilogalamu 9 imeneyo mwagulitsa zingati?" Ndinati, "Malume, kuno nsomba yogwidwa mwa masewera saigulitsa, ndi mlandu. Munthu amaloledwa zisanu pa tsiku, n'kupita nazo kwawo." Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa ngati anthuwo ali bwinobwino m'mutu.

Sindinawauze kuti nsombayo si ya nyanja ino n'komwe. Kwawo kwa chinook ndi ku nyanja ya mchere ya Pacific. Kale mfumu ya nyanja ya Michigan inali lake trout, koma ngalande ya Welland, yomwe imalambalala mathithi a Niagara, inatsegula njira kwa alendo awiri ochokera ku Atlantic. Woyamba ndi lamprey, chamoyo chachitali chopanda nsagwada chomwe chimamata pa nsomba n'kumayamwa magazi. Pamodzi ndi maukonde a asodzi, chinamaliza lake trout m'zaka za m'ma 1950. Wachiwiri ndi alewife, kansomba kasiliva kotalika ngati chikhatho. Posowa zozidya, alewife zinaswana mopanda malire, ndipo mu 1967 zinafa zochuluka kwambiri moti magombe a ku Chicago ankawakokolola ndi makatapila. A Howard Tanner, omwe anali mkulu woona za nsomba m'boma la Michigan, ndi amene anaitanitsa mazira a coho ku Oregon. Tiana take tinathiridwa mumtsinje wa Platte ndi wa Bear Creek mu 1966, chinook n'kutsatira mu 1967. Maboti onse ali padoko pano, masitolo a nyambo, malo ogona alendo ndi malipiro anga omwe, zonse zinamera pa kansomba kamene anthu ankadandaula nako kununkha.

Lachinayi tinapeza nyanja ina. Pakhomo pa doko madzi a pamwamba anali madigiri 8, nkhungu itagwira moti nyali za maboti anzathu tinkaziona titayandikana kale. Alendo anabwera ndi makabudula, ine n'kuwabwereka majekete omwe timasunga m'boti. Tsiku lotere anthu amaganiza kuti zinthu zayenda, poti madzi ozizira abwera okha. Koma kukazizira paliponse nsomba zimabalalika, ndiye ntchito imatembenuka: umasaka pamene pafundako pang'ono. A kaputeni anayenda chakumadzulo maso ali pa makina, mpaka tinaona mzere wa thovu, nthenga ndi tizirombo takufa utayalana pamadzi. Mbali iyi 9, mbali inayo 14. Ndinachotsa zozama zonse, ndinaika nyambo zofiirira pa zingwe zazifupi, mamita osakwana 10 kuchokera pamwamba. Steelhead zinali pomwepo. Nsomba imeneyi siithamangira pansi, imadumpha m'mwamba ikudzipotokola, ndipo zambiri zimalavula mbedza zili m'malere. Imodzi mwa zomwe zinalowa m'boti inabwera ndi lamprey ili chimatire pambali. Nditaimatula panatsala bala lozungulira, lofiira, ndipo mwana wa alendo sanafunenso kuyandikira. Lamprey sitiibweza m'madzi yamoyo.

Lachisanu madzi anayamba kukhazikika, malire aja ali pa mamita 15, ndipo chinook zinaluma kuyambira mumdima mpaka dzuwa litatuluka. Mbali ya tsikulo yomwe ndimaikonda inabwera titafika pa tebulo lotumbulira nsomba. Ine nsomba iliyonse ndimaing'amba chifu ndisanataye matumbo. Zina zinali ndi alewife zikuluzikulu ziwiri kapena zitatu, zina zopanda kanthu. Msodzi aliyense wanzeru kuno amayang'ana zimenezi, chifukwa onse akudziwa zomwe zinachitika ku nyanja ya Huron, tsidya linalo la boma la Michigan, komwe alewife zinatha cha m'ma 2003 ndi 2004, chinook n'kutsatira. Vuto lagona pansi pa nyanja. Tinkhono ta quagga, tomwe tinabwera m'madzi a m'sitima kuchokera ku dera la Black Sea, tayala pansi ponse ndipo timasefa chakudya chomwe tiana ta nsomba tikanadya. Alendo amayamikira kuti madzi ndi oyera mbee, ine ndikaona kuyerako ndimaona njala. Mu 2013 maboma ozungulira nyanjayi anadula ndi theka chiwerengero cha chinook zothiridwa, ndipo amalonda ambiri anakwiya. Ine ndimati anachita bwino. Ndiponso chinook zambiri zomwe timagwira lero zinabadwira zokha m'mitsinje. Timadziwira kachipsepse kakang'ono ka pamsana pafupi ndi mchira: zoleredwa ndi boma amazidula kachipsepseko, ndipo zina amaziika kawaya kosaoneka ndi maso m'mphuno. Tsiku limenelo panali mtsikana wogwira ntchito za boma ali ndi kamtengo kofufuzira kawayako, ndipo kakalira ankadula mutu n'kuuika m'thumba.

Nkhani ya mitu imandipwetekabe. Kuno amangochotsa minofu iwiri ya m'mbali, mutu, mafupa ndi mazira n'kuponya m'chigayo cha zinyalala. Mutu wa chinook wokwana ndiwo za banja lonse! Ndimatengako umodziumodzi wokaphika ndi tomato ndi anyezi, koma osati tsiku lililonse, chifukwa mankhwala a PCB omwe mafakitale anataya m'nyanjayi kalekale amakhala m'mafuta a nsomba zikuluzikulu, ndipo a zaumoyo amalangiza kuchotsa khungu ndi mafuta a pamimba. Malume zimenezi sindingawafotokozere n'kumvana.

Loweruka kunali chipwirikiti. Aliyense wokhala ndi kaboti anatuluka, popeza n'kuno komwe mu Ogasiti 2021 kunagwidwa chinook ya mapaundi 47.86, pafupifupi makilogalamu 22, yaikulu kuposa zonse m'mbiri ya Michigan, ndipo munthu aliyense amaganiza kuti mnzake wa nsombayo akumudikira iyeyo. Wina anadutsa kumbuyo kwathu pafupi kwambiri n'kudula chingwe cha mkuwa pamodzi ndi kathabwa kake. A kaputeni sanatukwane pa wailesi monga amachitira ena, anangokhotera kunja kwa gululo, ndipo kumeneko n'komwe tinapeza zathu. Pobwerera tinapatukira Badger, sitima yakale yoyendera malasha yomwe imawolotsa anthu ndi magalimoto kupita ku Manitowoc ulendo wa maola anayi, ikutulutsa utsi wake pakhomo pa doko.

Mwa nsomba za tsikulo, ziwiri zazimuna zinali zitayamba kuda, nsagwada zikupindika, zifu zitafota. Zikafika apo zasiya kudya, zikungodikira mvula kuti zilowe mumtsinje, kumene zikaswa zimafera komweko, ndipo zimaluma nyambo chifukwa cha ukali basi. Madzulo ndinachotsa nyambo zopyapyala zachitsulo pa ndodo zambiri n'kumangirira ma J-Plug, omwe amayenda mokhotakhota moputa. A kaputeni anayang'ana za nyengo pa foni yawo n'kundiuza kuti mwera ukubwera Lolemba, ndiye ndiyang'ane waya wa downrigger ngati ungafikenso mamita 40.