Mmene moto unaumbira nyumba za kanema za ku Paris

Anthu a ku Paris atayamba kulipira kuti aonere kanema, nyumba ya kanema kunalibe. Munali m'chipinda chapansi cha Grand Café, pa Boulevard des Capucines, pa 28 Disembala 1895. Pakhomo inali franc imodzi, ndipo tsiku loyambalo analowa anthu 33 okha. Makina a abale awiri a Lumière anaonetsa timafilimu 10, kalikonse kotalika mamita 17, kosakwana ndi mphindi yomwe.

Makinawo anali opukusa ndi dzanja, kawiri pa sekondi, kuti pazidutsa zithunzi 16. Wopukusa akafulumira, anthu a pachinsalu ankathamanga ngati awathamangitsa njuchi. Akachedwa, chithunzi chinkaphethira mpaka maso kuwawa. Koma chimene chinkaopsa ndi filimuyo, yopangidwa ndi nitrate. Ikangokodwa n'kuima pamaso pa nyale, masekondi ochepa basi yagwira moto. Ikamayaka imadzipatsa yokha okosijeni, motero kuivindikira kapena kuithira madzi n'kutaya nthawi. N'chifukwa chake pakati pa nyale ndi filimu ankaikapo botolo la madzi loti lizimwa kutentha. Filimu yotuluka m'makina inkangodziunjika m'dengu, pafupi ndi nyale yomweyo!

Pa 4 Meyi 1897, ku Bazar de la Charité, msika wothandiza osauka pa rue Jean-Goujon, nyale ya makina oonetsera kanema, yoyendera okosijeni ndi ether (mankhwala amadzimadzi osachedwa kugwira moto), inazima. Akuithira ether wina, wothandizira anayatsa machesi kuti aone bwino, moto n'kubuka. Chisakasacho chinali chamatabwa ndi nsalu, makomo ochepa ndi opapatiza. Anafa anthu oposa 120, ambiri amayi a m'mabanja olemera. Filimu sindiyo inayambitsa, koma mlandu unagwera kanema.

Kuchokera apo apolisi anakhwimitsa malamulo: pulojekita izikhala m'kachipinda kakekake kosagwira moto, kuwala kuzitulukira pakabowo. Kwa zaka zingapo kanema anakhala wa m'misasa ya zionetsero zoyendayenda ndi m'malo omwera.

Nyumba ya kanema ya Omnia Pathé, pa Boulevard Montmartre, inatsegulidwa mu Disembala 1906. Chaka chotsatira kampani yopanga mafilimu ya Pathé inasiya kugulitsa mafilimu n'kuyamba kubwereketsa, ndipo apa ndi pamene nyumba yokhazikika inayamba kupindula, poti inkatha kusintha pulogalamu sabata ndi sabata. Gaumont-Palace, pafupi ndi Place de Clichy, inatsegulidwa mu 1911 ndi mipando 3,400. Anaigumula mu 1973.