Zikomo abale a ku Mufakose, fizikisi ndakhoza

Zotsatira za mayeso a A Level (otsiriza Fomu 6) a ZIMSEC, bungwe loyendetsa mayeso kuno ku Zimbabwe, zatuluka, ndipo fizikisi ndakhoza bwino. Ndafuna ndikuthokozeni poyera nonse amene munandigwira pamkono chaka chija bambo anagonekedwa m'chipatala, pakhomo ndalama zitatheratu.

Amayi a kumpingo kwathu kuno ku Mufakose mumzinda wa Harare, munasonkherana n'kundilipirira mayeso. Malume a ku Mbare, simunatope kunditumizira ndalama ya kombi (minibasi). Mulungu akubwezereni pamene munachotsapo.

Koma agogo aphunzitsi, inu ndiye ndikusowa poyambira. Munapuma ntchito kalekale, maso akuvuta, komabe Loweruka lililonse munkandidikira pakhonde. Mutu wa simple harmonic motion unkandizunguza, makamaka liwiro la chinthu chopita uku ndi uku ngati katungwe. Inu simunayambe ndi buku. Munamanga bawuti kuchingwe cha mita imodzi, n'kuchipachika panthambi ya mango, amvekere: "Mwanawe, penyetsetsa pamene ikuimira."

Ndinaona ndi maso anga kuti ikafika kumapeto imaima kaye, liwiro lili ziro, koma pakati imadutsa mothamanga kuposa pena paliponse. Apo m'pamene munalemba padothi ndi kamtengo kuti v = ω√(A² − x²), pomwe v ndi liwiro la bawuti, A ndi mtunda umene mwaikoka kuchoka pakati, x ndi mtunda umene ili kuchoka pakatipo, ndipo ω ndi nambala yosonyeza changu cha kupita ndi kubwerera kwake. Chingwe chotalika choncho chimapita ndi kubwerera m'masekondi pafupifupi 2, ndiye ω, yomwe ndi 2π/T (T ndi nthawi yopita ndi kubwererayo), imakhala 3.14. Mukaikoka bawuti masentimita 10 n'kuitaya, pakati imadutsa pa liwiro la masentimita 31 pa sekondi. Ikatalikira masentimita 6 kuchoka pakatipo, liwiro limakhala lidakali 25. Izi zinandidabwitsa, poti yadutsa kale theka la njira. Munandifotokozera kuti mphamvu yoibwezera pakati imakula pamene ikutalikira, n'chifukwa chake liwiro limatsika pang'onopang'ono poyamba, n'kudzagwa msanga chakumapeto. Kenako munaonjezera bawuti yachiwiri, nthawi yopita ndi kubwerera osasintha ngakhale pang'ono.

Ine ndimati phunziro lotere liyenera kuyambira pachingwe, choko chizibwera pambuyo. Ana ambiri amaithawa fizikisi chifukwa amaloweza zilembo za chinthu chimene sanachionepo chikuyenda.

Mayi anga, munkandisiyira nyali magetsi akathima, inu n'kumasita mumdima ndi simbi yamakala. Zikomo mayi. Bambonso tsopano akupezako bwino, ayamba kuyendera ndodo.

Ana a Fomu 5 ndi 6 amene mutuwu ukukuvutani, agogo avomera kuti ndizikuthandizani pakhonde pawo Loweruka masana. Palibe cholipira, mungobwera ndi kope.