Lipoti la ulendo wathu wa ku London kukaonera bandi ya Genesis

Abale a pagulu, paja munati ife tinapita tilembe kuti inu munatsalira kaamba ka mashifiti mumve momwe zinayendera, ndiye nazi.

Tinanyamuka ku Leicester Loweruka pa 26 Malichi 2022 masana, sitima mpaka St Pancras, kenako ya pansi ija mpaka North Greenwich komwe kuli holo ya O2 Arena. Za panjira palibe zambiri, kungoti alamu athu anatipakirira mandasi ndi nkhuku yootcha ndiye tinadyeratu musitima momwemo, poti zakudya za mu London mtengo wake mukuudziwa. Matikiti paja tinagula kalekale, shoo imayenera kuchitika mu Okutobala 2021 koma ena a mu bandi anapezeka ndi Covid ndiye masiku atatu a ku London anawasunthira ku Malichi. Yathu inagwera tsiku lachitatu, lomaliza lenilenilo.

Musitima munali mtsutso ndithu. A tcheya anati iwo akupita chifukwa cha gulu basi, koma mumtima sakumvetsa kuti tiwonongerenji ndalama zonsezi kukaonera woimba wa bandiyo Phil Collins, mdala wodwala, atakhala pampando, bwanji osangomvera ma CD kunyumba momwe mawu ake adakali abwinobwino. Ena anavomereza. Ndipo ndinaona kuti ambiri mwa ife a Phil Collins timawadziwa ngati oimba paokha, nyimbo zachikondi zija tinakula nazo pa wailesi kumudzi, m'minibasi ndi m'maukwati. Genesis yeniyeniyo ndi ochepa akuidziwa.

Ndiye ndifotokoze pang'ono monga ndinawafotokozera anzanga. Bandiyi inayamba mu 1967 ndi anyamata a pa sukulu ya Charterhouse ku Surrey, mwa iwo Tony Banks wa makiyibodi, Mike Rutherford wa gitala ndi Peter Gabriel amene ankaimba. A Phil anabwera mu 1970, ndipo anabwera kudzaimba ng'oma, osati kudzagwira maiki. Nyimbo zawo za nthawi imeneyo si za mphindi zitatu zovinira ayi, ndi zazitali, zimayamba mwakachetechete kenako zasintha liwiro, kenako kiyibodi yatenga ulendo wake wokha kwa nthawi yaitali wina osatsegula pakamwa. Pa chimbale cha Foxtrot cha 1972 pali nyimbo imodzi, Supper's Ready, ya mphindi pafupifupi 23. Gabriel atachoka mu 1975 anthu ankati basi bandi yatha, anayesa oimba ambirimbiri osapeza woyenera, mapeto ake anazindikira kuti woimba anali naye kale, amakhala kumbuyo pa ng'oma. Kuyambira chimbale cha A Trick of the Tail cha 1976 ndi a Phil amene ankakhala kutsogolo, kupatula zaka zimene anachokamo.

Tsopano za mu holomo. Mumalowa anthu pafupifupi 20,000 ndipo munali thothotho, imvi zokhazokha mbali zonse, ena abwera ndi ana awo akuluakulu. Magetsi atazima tinawaona akutulukira, a Phil akuyenda pang'onopang'ono ndi ndodo, wakuwerama, zaka 71 koma thupi likuoneka loposa pamenepo. Holo yonse inaimirira. Iwo anafika pampando wawo pakati pa siteji, nakhala, ndipo anaimba ali pompo usiku wonse. Paja anavulala mafupa a m'khosi pa ulendo wa makonsati wa 2007, mitsempha ya m'manja inawonongeka moti timitengo ta ng'oma sangatigwirenso bwino, kuwonjezera apo opaleshoni ya msana inawasiyira vuto la phazi.

Sindikunamizani, mawu aja si momwe analili mu 1986. Afooka, pena amanjenjemera, malo okwera kwambiri anyamata awiri oimba kumbuyo amawathandiza. Koma abale, pa nyimbo ya Mama pamene pali kuseka koopsa kuja, nyali itawaunika pankhope kuchokera pansi, ine tsitsi linandiyimirira. Munthu sangathe kudzuka pampando koma nkhope yokha, maso okha, zinakwanira kugwira holo yonse. Ndipo mawu otopawo m'nyimbo zachisoni monga Afterglow amalowa mkati kuposa pa CD, chifukwa ukumva kuti woimbayo wadutsamo ndithu m'zimene akunenazo.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi cha pa ng'oma. Amene amaimba ndi mwana wawo Nic, wa zaka 20 zokha. Mnyamata ameneyu ndi dolo, dzanja lake ndi la bambo ake lenileni, kulemera kwake, momwe amagubuduzira kuchoka ng'oma yaying'ono kukafika yaikulu. Pamalo pamene palibe mawu, monga mu Second Home by the Sea ndi chigawo cha The Cinema Show, a Phil amatembenuka n'kumamuyang'ana mwanayo, mutu ukugwedera, zala zikugunda pabondo. Zinandikumbutsa kumudzi pa gule, mkulu wa ng'oma manja akatopa sachoka pabwalo, amakhala pambali n'kumamvetsera ngati mwana amene anamuphunzitsa akuikhoza mbalule. Apa ndinayang'ana a tcheya, anali chete atagwira chibwano, foni ili m'thumba.

A Banks monga mwa masiku onse sanamwetulire kwenikweni, maso pa makiyibodi basi, pomwe mawa lake amakwanitsa zaka 72. A Rutherford ndi Daryl Stuermer, amene anayamba kuyenda nawo m'makonsati mu 1978, amasinthana gitala ndi besi. Pakati pa shoo onse anasendera pafupi n'kukhala pamodzi kutsogolo, kuimba mofatsa That's All ndi Follow You Follow Me, apa azimayi athu aja anaimba nawo mokweza mpaka azungu a mzere wa kutsogolo anatembenuka n'kutiombera m'manja. Invisible Touch itayamba ndiye tinavina ndithu, palibe anakhala pansi.

A Phil ananena okha pamaiki kuti iyi ndi shoo yomaliza ya Genesis, naseka kuti tsopano onse akafune ntchito zenizeni. Anthu anaseka koma ambiri amapukuta m'maso. Anatsekera ndi The Carpet Crawlers ya 1974, imene poyamba ankaimba ndi Gabriel, ndipo tinadzamva mawa lake titaona chithunzi pa intaneti kuti Gabriel yemweyo anali momwemo mu holo, kuonera ngati ife tomwe. Pomaliza anatsala atatu aja, a Phil ataimirira ndi ndodo pakati pa anzawo a zaka zoposa 50, anawerama, natuluka pang'onopang'ono anthu akuombabe m'manja.

Ine maganizo anga ndi akuti ndalama ija sinapite pachabe ngakhale pang'ono. Pali ena pa intaneti akuti akanangopuma osadzionetsa ali chonchi, ine ndikukana. Sanabise matenda awo, sananamizire unyamata, anabwera momwe alili kudzatsanzika anthu amene akhala nawo moyo wonse, ndipo ntchito anaigwira kwa maola oposa awiri.

Tinagona kwa achemwali athu ku Woolwich, zikomo kwambiri achemwali chifukwa cha nsima ya usiku ija ndi mabulangete. Usiku womwewo ndi umene mawotchi amasunthira kutsogolo ndi ola limodzi ndiye tulo tinaperewera, koma tinafika bwino ku Leicester Lamulungu masana. A msungichuma ati ndalama zotsala za mayendedwe adzafotokoza pa msonkhano ukubwerawu. Amene mukufuna kumva zimbale zakale zija ndidzabwera nazo komweko, kungoti Foxtrot mudikire kaye, a tcheya aibwereka kale.