Lachitatu: kusikelo, kuboma, ndi nkhani ya mayi amene akufuna khanda

Ndadzuka kusanache, chifukwa kuno ku Nchalo mwezi wa Okutobala ukangochedwa pang'ono dzuwa limakupsereza uli pamzere. Mwana wa achimwene anga, amene akukhala kwathu chidziwikireni mimba yake, ndamupeza atasamba kale, ali pakhonde ndi buku lake la kuchipatala. Ali ndi zaka 20. Mimbayi sanaikonzekere, ndipo mnyamata mwini wake, wa ganyu yodula nzimbe, anasiya kuyankha foni atangouzidwa. Lero m'pamene amakayamba sikelo, mimba ili kale ndi miyezi isanu. Manyazi ndiwo anamuchedwetsa.

Tili m'njira wandiuza zimene wakhala akusunga mumtima. Pali mayi wina wa ku Blantyre amene anapeza nambala yake kudzera mwa munthu wa pamsika. Amamuimbira madzulo, amamutumizira mayunitsi, ndipo anamutumizirako ndalama ya sopo. Akuti mwezi ukayandikira akwere minibasi akachirire ku Blantyre, kuchipatala akalembetse dzina la mayiyo, akatuluka asiye khanda, iye apatsidwe mpamba wa bizinesi abwerere kumudzi, anthu akauzidwe kuti mwana anapita padera.

"Azakhali, musandikalipire. Ine ndimulera ndi chiyani?"

Sindinamukalipire. Funso lakelo si lachibwana. Ndangomuuza kuti tikachoka kusikelo tipitirira mpaka kuboma, akamve yekha kwa anthu amene ntchito yawo ndi imeneyi.

Kusikelo kunali khamu, ena atabwera pa kabaza, ena wapansi kuchokera kumidzi ya m'mbali mwa Shire. Anamwino amuyeza kulemera, kuthamanga kwa magazi, ndiponso magazi a HIV ndi chindoko. Amupatsa mapilitsi owonjezera magazi, Fansidar woteteza ku malungo wamwera pomwepo, neti walandira. Sitinalipire kalikonse. Namwino wamkulu anamufunsa mofatsa chifukwa chimene wachedwera, kenaka anamumvetsera kugunda kwa mtima wa mwana. Ndinamuona mwana wanga akuyang'ana kudenga, milomo ikunjenjemera.

Chimene chinamubwezera nkhawa ndi mndandanda umene amawerengera amayi onse: zitenje zingapo, beseni, pepala lapulasitiki loyala, zovala za khanda, ndalama ya thiransipoti yosungiratu. Chipatala cha boma sichilipiritsa, inde, koma kubereka kumadyabe ndalama. Ndiye powerengera, akachira mu Febuluwale, mwezi umene nkhokwe zimakhala zitauma, chimanga chitakwera pamsika, ndiponso madzi atadzaza m'madambo. Tonse tikukumbukira Januwale wa 2022 pamene namondwe Ana anadula msewu wa M1 m'malo angapo kuno ku Chikwawa, ndi Malichi wa 2023 pamene Freddy anabwereza. Pa chifukwa chimenechi anamwino akulimbikitsa kuti mwezi wachisanu ndi chinayi ukakwana, amayi akumidzi yakutali akadikirire kuchipatala. Koma wodikirayo amafuna womudikirira, ufa, ndiwo ndi nkhuni. Munthu wopanda ntchito akamawerenga zonsezi usiku, foni ya mayi wa ku Blantyre imamveka ngati chipulumutso. Ndani angamuseke?

Tinakwera minibasi mpaka pa Dyeratu, kenaka kabaza kulowa kuboma. Fumbi, thukuta, madzi a m'botolo atatentha. Ku ofesi ya Social Welfare tinadikira pang'ono, kenaka tinalandiridwa ndi mayi wina amene anayamba watseka chitseko, n'kufunsa mwana wanga ngati akufuna kuti ine ndikhalemo. Zimenezi zinandisangalatsa kwambiri. Nkhaniyi ndi yake.

Atamva zonse, anayamba ndi za ndalama, osati za kupereka mwana. Anati atsikana ambiri amene amabwera akunena kuti sakumufuna mwana, ukawafunsitsa umapeza kuti chimene akuthawa ndi njala ndi chitonzo. Woyamba kufunsidwa ndalama ndi bambo wa mwanayo. Malamulo aakulu a dziko lino amanena kuti mwana aliyense ali ndi ufulu wosamalidwa ndi makolo ake, kaya ali pabanja kaya ayi. Lamulo la za maukwati la 2015 limapitirira apo: mwamuna amene wavomera mimba, kapena amene khoti lapeza kuti ndi yake, ayenera kusamalira mayiyo nthawi yonse ya mimba ndi kulipira zofunika pobereka, ngakhale sanamukwatire. Mnyamatayo akakhala kuti sanakwanitse zaka 18, udindowo umagwera makolo ake. Mwana akabadwa, lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limalola mayi kupita kukhoti la majisitireti kukapempha chigamulo cha chithandizo cha mwana, ndipo mwamuna akakana kuti si wake, khoti limatha kuzenga nkhani imeneyonso. Wosowa ndalama ya loya angathe kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau.

Ine ndinafunsa za Mtukula Pakhomo, chifukwa kumudzi aliyense akavutika amatchula imeneyo. Anatiyankha mosabisa kuti si ya aliyense woyembekezera. Ndondomekoyi, imene inayambira ku Mchinji mu 2006, ndi ya mabanja osaukitsitsa omwenso alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, monga a nkhalamba zolera ana amasiye, olumala ndi odwala nthawi yayitali. Mtsikana wamphamvu zake salowa chifukwa cha mimba yokha. Ndinakonda kuti sanatinamize. Kuli bwino kubwerera ukudziwa pamene palibe thandizo kusiyana ndi kumadikira dzina lako pa mndandanda umene sulipo. Anatikumbutsa za banki m'khonde, za magulu a amayi a kumpingo ndi kumzikiti, ndiponso kuti zipatala zina za mishoni zili pa mgwirizano ndi boma woti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa osalipira, choncho tizifunsa kaye tisanaope bilu.

Atatero m'pamene anafika pa nkhani imene tinabwerera. Anati mayi amene akuona kuti sangathe kulera ali ndi njira zovomerezeka, koma si zofanana, ndipo anthu amazisokoneza. Pali kulera kwathu kwa makolo, kumene khanda limatengedwa ndi agogo, azakhali kapena amayi aang'ono. Apa mwana sasintha mtundu, amadziwa mayi ake, ndipo zinthu zikayenda bwino amabwerera. Pali kulera kwa kanthawi kudzera mu ofesi yawoyo, kumene mwana amaikidwa pabanja lina limene alifufuza, kapena m'nyumba yolerera makanda yolembetsedwa ndi boma, alangizi n'kumamuyendera. Apanso umayi sutha. Ndiye pali adoption, kupereka mwana kuti akhale wa banja lina mpaka kalekale, imene ndi khoti lokha lingagamule. Wofuna mwanayo amakapempha kukhoti, kawirikawiri ayenera kukhala wa zaka zosachepera 25 ndiponso wamkulu kwa mwanayo ndi zaka zosachepera 21. Khoti limasankha munthu woimira mwana, nthawi zambiri wa Social Welfare, kuti akafufuze pakhomopo ndi kulemba lipoti. Kholo liyenera kuvomera, ndipo woweruza ayenera kukhutira kuti likumvetsa zimene likuvomerazo.

Apa mayi uja anasiya cholembera n'kumuyang'ana mwana wanga m'maso.

"Achemwali, mumvetsetse. Chigamulo chimenecho chikatuluka, pamaso pa lamulo simulinso mayi wake. Si zoti apita kukaphunzira adzabwera akakula. Mukadzapeza ntchito, mukadzakwatiwa, simungapite kukamutenga."

Kenaka anawonjeza kuti lamulo sililola kholo kulandira ndalama chifukwa chopereka mwana. Zimene akufuna mayi wa ku Blantyre zija si adoption ayi. Kulembetsa dzina la wina kuchipatala ndi bodza lolowa mpaka pa chikalata cha kubadwa, ndipo kusinthanitsa khanda ndi mpamba kungagwere pa lamulo loletsa kuzembetsa anthu la 2015. Womangidwa sangakhale wogula yekha. Ndiponso palibe amene angadzatsate kuti khandalo lafika pakhomo lotani, likudya kapena ayi, lidakali m'dziko muno kapena lawoloka malire.

Mayi wa ku Blantyre uja sindikumudziwa, ndipo sindikufuna kumuyesa mfiti. Mwina ndi mkazi amene watha zaka akunyozedwa ndi apongozi chifukwa cha kusabereka, wayenda kwa asing'anga ndi kuzipatala mpaka kutopa. Ululu umenewo ndauona mwa anzanga, ndi waukulu. Koma khomo limene tinalowa ife lero ndi lotsegukira iyenso. Akapemphe poyera, amufufuze, khoti ligamule. Ana ofuna makolo alipo m'dziko muno, ndipo kulera mwana amene sunabereke wekha ndi ntchito yaulemu. Chimene ndikukana ndi kupita kwa mtsikana wanjala ndi wamantha, ndalama zili m'manja, n'kumati wavomera yekha. Njala ya Febuluwale imatha mu Epulo chimanga chikacha, pamene chigamulo cha kupereka mwana n'cha moyo wonse. Ngati mwana wa achimwene anga adzasankhe adoption atachira, atamuona mwanayo, atadziwa kuti nsima ilipo ndiponso pogona palipo, ndidzamuperekeza ndekha kukhoti ndipo sindidzalola munthu kumunyoza. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma asankhe ali wokhuta.

Pobwerera tinaima pa Dyeratu kugula mandasi. Sanalankhule zambiri. Anangofunsa ngati kukhoti amafunsa mafunso ochititsa manyazi pagulu. Mayi wa ku ofesi uja anali atanena kuti akhoza kuyamba waitanitsa mnyamatayo ndi akwawo kuti akambirane, khoti n'kubwera pambuyo zikakanika, choncho ndinamukumbutsa zimenezo.

Madzulo achimwene anabwera pa njinga, ndipo amayi athu, agogo ake a mtsikanayu, anali atakhala kale pamphasa. Nkhani ya mayi wa ku Blantyre tinagwirizana kuti aifotokoze yekha, ndipo anaifotokoza, mawu akutuluka pang'onopang'ono. Agogo anayankha m'Chisena chawo chimene amalankhula akakhudzidwa, kuti pakhomo pano sipanagulitsidwepo munthu, ndipo iwo manja akadali nawo. Achimwene anapsa mtima, koma mkwiyo wawo unalunjika kwina. Akufuna mawa lomwe akamutule kwawo kwa mnyamata, ndipo akwawowo alipire dameji, mbuzi kapena ndalama.

"Achimwene," ndinatero, "dameji mulandira inu kamodzi, mudya, yatha. Nanga phala la mwana chaka chamawa? Nanga akadwala malungo usiku, ya kabaza ichokera kuti?"

Za mwambo sindikuzitsutsa. Akuluakulu a mbali ziwiri akumane, amfumu adziwe, zoyenera kulipidwa zilipidwe. Koma zisalowe m'malo mwa chithandizo cha mwezi ndi mwezi, cholembedwa, chopita m'manja mwa mayi wa mwana. Ndipo kukamutula pakhomo pamene sakumufuna, kwa mnyamata amene akuthawa ngakhale foni, ndiko kumukankhira kwa mayi wa ku Blantyre yemwe uja. Ndaona atsikana otulidwa chotero akusanduka antchito a apongozi, akubwerera ndi mwana kumsana ndi mimba ina. Achimwene sanavomere, koma sananenenso za mawa. Ananyamuka atadya, zimene kwa iwo ndi chizindikiro chabwino.

Pali china chimene chikundivutitsa usiku uno. Wanga uyu ali ndi zaka 20, ali ndi azakhali odziwa kumene kuli ofesi, ndipo ndalama ya minibasi inapezeka. Pamzere wa sikelo paja ndinaona ana awiri amene sindikukhulupirira kuti akwana zaka 16. Kwa oterowo nkhani ndi ya apolisi, ku Victim Support Unit, ndipo pali nambala yaulere ya 116 yothandiza ana. Sukulunso sinawatsekere: kuyambira 1993 boma limalola mtsikana kubwerera m'kalasi akabereka, ndipo amayi a Mother Group m'sukulu zathu amayesetsa kuwalondola. Koma wa ku Makhanga kapena kutsidya kwa East Bank, amene kuti afike kuboma ayenera kuwoloka madzi kapena kuzungulira ulendo wautali, zimenezi amazimva kwa ndani? Woyamba kumufikira amakhala wa mankhwala ochotsera mimba kuseri kwa msika, kapena wa foni ngati uyu. Alangizi a zaumoyo amayenda m'midzi, anamwino amaphunzitsa m'mawa uliwonse sikelo isanayambe. Ndikanakonda pa maphunziro amenewo, pambali pa za zakudya za magulu asanu ndi limodzi, azinenanso mawu ochepa okha: kuti bambo wa mwana angathe kukakamizidwa kuthandiza, kuti wosatha kulera ali ndi kopita, ndiponso kuti wobwera ndi ndalama kudzafuna khanda akanenedwe. Ndikamuuza mlangizi wa kwathu kuno tikakumana.

Tisanagone tawerengera limodzi. Zitenje ziwiri ndili nazo zosavala, beseni agogo ati agula akagulitsa nkhuku. Lachisanu ndikamutengera ku gulu lathu la banki m'khonde, ndikapemphe amayi anzanga amulole kulowa ndi masheya ochepa kuchokera pa zitumbuwa zimene ayambe kukazinga, poti mphamvu akadali nazo. Kalata yoitanira mnyamata ndi akwawo tikaitenga sabata yamawa. Nambala ya mayi wa ku Blantyre ndi mauthenga ake onse tinasiya ku ofesi kuja, mwini wake atavomera. Za kulera yekha, kusiyira agogo kapena njira ina, sananene chilichonse, ndipo ndawauza achimwene ndi amayi kuti pasapezeke womufunsa mpaka atachira.