Nkhomaliro ya pa Tsiku la Anakubala

Lilongwe, 15 Okutobala, usiku

Amayi agona kale. Ndikuwamva akuliza mkonono chapansipansi kuchipinda kwa ana, koma ine tulo tandithawa. Ndati ndilembe za lero mtima udakali wotentha, chifukwa ndimadzidziwa: pofika mawa ndiyamba kuwaikira kumbuyo anthu aja, n'kumati mwina wovuta ndinali ine.

Chaka chilichonse pa Tsiku la Anakubala ndimangotumiza chitenje ndi kandalama ka pafoni, basi. Chaka chino ndinati ayi, Amayi abwere kutauni adzadye pamalo amene ife ana awo timangowaona pa Facebook. Anakwera basi dzulo pa mphambano ya Tsangano, atasenza thumba la mbatatesi ndi kabichi ziwiri ngati kuno kwagwa chilala, ndipo ndinakawachingamira kudepoti chakumadzulo. Achimwene nawo anatseka shopu yawo ya zipangizo za galimoto ku Biwi. Tinalipo atatu.

Malowo sinditchula dzina. Ali kumayadi, kuseri kwa mpanda wautali wa njerwa, kapinga wake wobiriwira ngati kwagwa mvula, pamene mzinda wonse uli fumbi lokhalokha ndi dzuwa la Okutobala loswa mtengo. Ndinaimba foni sabata yatha kubukitsa tebulo la anthu atatu, 12:30, pakhonde pamthunzi. Wondiyankha anati walemba. Ndinamufunsa kawiri, kawiri konse anati walemba.

Zinayambira pageti. Galimoto ya achimwene ndi yokalamba, chitseko chakumbuyo chimatseguka ndi kunja kokha. Mlonda anasuzumira pawindo, maso ake n'kuima pa duku la Amayi, kenako anati, "Mukufuna ndani?" Moni panalibe. Mukufuna ndani, ngati tabwera kudzapempha ganyu yotchetcha kapinga. Achimwene anayankha kuti tikufuna nsima. Mlondayo sanaseke. Anatilozera koimika kutali, kufupi ndi jenereta, pamene galimoto yaikulu imene inali pambuyo pathu anaichitira sawatcha.

M'kati, mtsikana wolandira alendo anatsegula buku, n'kuyendetsa chala kuchoka pamwamba kufika pansi, n'kubwereranso. Dzina langa mulibe. Ndinamuonetsa pafoni tsiku ndi nthawi imene ndinaimba. Anangokweza mapewa. Matebulo awiri pakhonde analibe anthu, koma anati amenewo ali ndi eni ake. Ife anatikhazika pafupi ndi chitseko cha kukhitchini, chija chimatseguka uku ndi uku, moti aliyense wodutsa ndi thileyi ankakhudza mpando wa Amayi. Iwo ankangosendera, n'kumati "pepani" kwa munthu amene wawagunda.

Tinakhala mphindi 25 popanda wotiyang'ana. Ndinkaona nthawi pafoni, n'chifukwa chake ndikudziwa. Pa nthawi imeneyo panafika azungu anayi, ndipo asanakhale n'komwe menyu inali m'manja, madzi ozizira ali patebulo, kabuledi kali m'kadengu. Iwo sanalakwe kanthu, anangobwera kudzadya ngati ife. Panafikanso bambo wina wakuda ngati ine ndemwe, wa suti ndi mimba yake, akugwedeza makiyi a galimoto, ndipo anyamata awiri anachita kulimbirana kumukokera mpando. Ndiye ndisaname kuti nkhani ndi khungu lokha. Anyamatawo amayeza munthu ndi maso akangolowa: uyu asiya kangachepe, uyu sasiya. Ife anatiyeza, tinapepuka.

Apa pakubwera chimene chikundisowetsa tulo. Mnyamata wina woperekera zakudya ankadutsadutsa, ndipo ndinamuitana katatu: "Achimwene, tithandizeniko kuno." Ulendo woyamba anati akubwera. Wachiwiri anakweza chala osatembenuka. Wachitatu anakhala ngati sanamve. Kenako ndinasintha. Ndinalankhula Chingerezi, chija cha kuofesi, chotulukira m'mphuno, mokweza pang'ono. Mnyamata uja anabwera chothamanga, kabuku kali m'manja, akuti "madamu" uku akuwerama. Munthu yemweyo, ine yemweyo, tebulo lomwelo. Amayi anandiyang'ana osanena kanthu, ndipo ine ndinachita manyazi ngati ndaba. Ndinabwera nawo kudzawalemekeza, koma kuti apatsidwe madzi akumwa zinatengera kuti ndisiye chilankhulo chimene iwowo anandiyamwitsa.

Menyu inali ya Chingerezi chokhachokha. Amayi kuwerenga amatha, ku Mvano ndiwo amawerenga mawu, koma apa anangoigwira mwaulemu n'kundipatsira. Mitengo yake inali yomata timapepala pamwamba pa timapepala tinzake. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malo ena odyera anasiya kusindikiza menyu yatsopano, amangomata. Ndinakanda kamodzi ndi chikhadabo kuti ndione mtengo wakale, achimwene n'kundiponda phazi.

Amayi anasankha chambo ndi nsima. Kwathu kumapiri nsomba yaiwisi ndi yosowa, timadziwa usipa ndi matemba ouma, ndiye anati lero alaweko cha kunyanja. Achimwene anaitanitsa nyama yang'ombe ndi tchipisi, ine mpunga ndi nkhuku. Mnyamata analemba n'kupita. Patatha mphindi 40 anabwera manja ali m'mbuyo: chambo chatha. Chatha liti? Kodi pamene ankalemba sankadziwa? Anati kukhitchini angomuuza kumene. Chikhalirecho mbale ziwiri za chambo zinali zitangodutsa pamphuno pathu kupita pakhonde.

Tinasintha, Amayi atenge nkhuku yachikuda, poti menyu inalemba choncho. Chakudya chinafika 2 koloko itadutsa. Nsima inabwera mitanda iwiri yokulungidwa m'kapepala ka pulasitiki, yozizira, kunja itachita chikhakha. Nkhuku ija Amayi anangoitsina kamodzi, n'kuthyola fupa ndi zala ziwiri, n'kunena chapansipansi kuti, "Iyi sinapalasepo pansi chibadwire." Inali yachizungu. Munthu amene waweta nkhuku moyo wake wonse sungamunamize ndi supu wofiira.

Tchipisi cha achimwene ndiye chinawasekesa. Anatolako kamodzi, n'kukayang'anitsitsa, n'kunena kuti mbatatesi imeneyi ndi yakwathu, ya ku Tsangano kapena ku Dedza, ndipo ngakhale yaphikidwa mosapsa akuizindikira. Atafunsa mtengo wa kambale kameneko ndinawauza zoona. Anagwira pakamwa. Anati mavenda akabwera ndi malole kumunda amachita kukakamira mtengo mpaka mlimi kutopa, ndiye taonani kumene imathera mbatatesi yawo, tizidutswa towerengeka pambale yoyera yaikulu ngati chivundikiro cha mgolo. Anawerengadi. Ndinawaletsa asanamalize.

Koma nkhani ya madzi osamba m'manja. Nsima yafika, patebulo pali mipeni ndi mafoloko mitundu itatuitatu, madzi palibe. Nditafunsa, mnyamata uja analoza ndi chibwano kumene kuli zimbudzi, kuti kuli sinki. Mayi wa zaka zoposa 70, wa bondo lovuta, adutse pakati pa matebulo onsewo kukasamba m'manja kuchimbudzi, n'kubwerera kudzadya. Malo ogulitsa nsima, m'Malawi muno. Amayi anayamba kudzuka, poti iwo sakonda kuvutitsa anthu.

Ndiye kunatulukira kamtsikana kena, kovala yunifolomu yosiyana ndi anzake, kaja kokolopa ndi kuchotsa mbale. Sindinakaitane. Kanalowa kukhitchini, n'kutuluka ndi jagi ya madzi ofunda, beseni ndi kathaulo paphewa. Kanagwada pansi, pa matailosi pomwepo, anthu onse akuona, n'kunena kuti, "Agogo, sambani." Kanathira madzi pang'onopang'ono monga timachitira kwathu, Amayi akusamba. Nkhope yawo inamasuka koyamba chilowereni pageti paja. Anakafunsa kuti, "Kwanu n'kuti, mwanawe?" Kanati ku Bembeke. Anafunsa mfunda, kanatchula. Anacheza mwina mphindi imodzi yokha, za mvula ngati yayamba kuopseza kumapiriko, za mtengo wa feteleza. Ine pakhosi panandimanga.

Katangolowanso kukhitchini, tinamva mawu a mwamuna akukalipa kuseri kwa chitseko chija. Ubwino wokhala pafupi ndi khitchini ndi umenewo, umamva zonse. Ankati ntchito yake si yocheza ndi makasitomala, ndipo mabeseni kuno si kumudzi. Amayi anasiya kudya.

Ndinaitanitsa manijala. Anati watuluka. Kunabwera wina woyang'anira anzake, wa tayi, ndipo ngakhale wodandaula ndinali ine, wolipira ndinali ine, iye nkhope inali kwa achimwene: "Pepani bwana, lero ndi holide, anthu achuluka." Ndinamuuza kuti 15 Okutobala sinagwe modzidzimutsa ngati maliro, ili pakalendala chaka ndi chaka, ndipo lero ndi tsiku limene malo ngati ano amayenera kuyembekezera amayi a maduku ndi zitenje. Anangoti tamva madamu, tikonza. Za kamtsikana kaja nditazitchula anati zimenezo ndi za m'kati.

Mkwiyo wanga pa mnyamata wotiperekera uja ukuchepa ndikamaganiza. Msuweni wanga anagwirapo ntchito yotereyi, ndipo ankati malipiro a pamwezi ankathera thiransipoti ndi lendi, chimene ankadalira ndi kangachepe ka makasitomala. Munthu wotero amathamangira tebulo limene akuganiza kuti lidontha. Koma amene anamuphunzitsa kuti Chichewa sichidontha ndani? Ndipo eni malo amene amakwanitsa kuthirira kapinga mu Okutobala akulephera bwanji kugula majagi asanu?

Bilu inabwera msanga, chokhacho ndicho chinafulumira lero. Chambo chija chinalipo pamndandanda, chimene sitinachione n'komwe, pamodzi ndi nkhuku yolowa m'malo mwake. Pansi pake msonkho wa VAT ndi 1 peresenti ya msonkho wa zokopa alendo, zonse zowerengedwa pamwamba pa nsomba ya m'maloto. Kukonza kokha kunatenga mphindi zina 15. Kenako makina a khadi akuti netiweki palibe. Tinachita kusonkherana ma K5,000 ine ndi achimwene, kuwerengera patebulo ngati tili pamsika wa fodya. Amayi anafunsa kuti zonse zakwana zingati. Ndinadula pakati. Anandiyang'ana monga ankandiyang'anira ndili mwana ndikabisa chenje cha kuchigayo.

Potuluka anatsalira m'mbuyo. Ndinawaona akumasula mfundo ya pachitenje pafupi ndi chitseko cha kukhitchini, n'kukafumbatitsa kanthu kamtsikana kaja, kakukana, iwo akukakamiza. M'galimoto anakhala chete mpaka tinadutsa pa Area 18, ndiye anangoti, "Chikomekome cha mkuyu," osamaliza n'komwe. Achimwene anaseka mpaka kutsokomola.

Madzulo ano asenda mbatatesi yawo yomwe ija, aphika ndi tomato ndi anyezi, ana adya mpaka kunyambita mbale. Ine ndinali pafoni, ndikulemba uthenga wautali woti nditumize kwa eni malo aja, wa Chingerezi chobaya. Atandifunsa chimene ndikulemba ndinawafotokozera. Anati zimenezo ndi zanga, koma iwo chimene akufuna n'chakuti mawa m'mawa, asanakwere basi, ndiimbe foni kumeneko ndiwauze akuluakulu ake kuti mwana uja asamuchotse ntchito, sanalakwe, ndiye yekha anatilandira.

Ndawauza kuti dzina lake sindinafunse, ndikamutchula bwanji? Akuti ndikanene kuti Nachisale wa ku Bembeke, amudziwa.